Magazi a Hafsah pa Basi ya Gwanda

Jeppe, Joni
18 Novembala 2007

Amake Hafsah,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli moyo, inu, mwana ndi amayi anu kumeneko ku Biwi. Ine kuno ndili bwino. Mvula yayamba, ndipo chipinda chathu chikudontha pakona pamene amagona Luckson, mnzanga wa ku Kawale uja, ndiye tonse awiri tikupanikizana mbali imodzi.

Zimene munandiuza pafoni Lachinayi sizikundichoka m'mutu. Mayunitsi anatha ndisanafunse zonse, n'chifukwa chake ndatenga pepala. Mwati mimba ya Hafsah yayambanso kutupa kumanzere, kapamba wabwerera, ndipo chakudya akungochiyang'ana. Mwati a Gilford, adokotala ake, apeza kuti maselo oyera achulukanso ngati nthawi ija anatiuza koyamba kuti mwana ali ndi khansa ya m'magazi. Ndiye ine ndikufunsa kuti zatheka bwanji? Zaka ziwiri zathunthu mwana wakhala pa mapiritsi aja. Mimba inaphwa, anabwerera kusukulu, ankasewera fulaye mpaka kumuitana ndi mkwapulo. Mankhwala ndi omwewo, mwana ndi yemweyo. Chasintha n'chiyani ngati si kamwetsedwe kake?

Mundiuze zoona. Mukalawirira ndi samusa kumsika wa Mchesi, amam'patsa piritsi ndani? Ndikudziwa kuti amayi anu sawakonda mapiritsi amenewa chifukwa amamuchititsa mseru. Ndikudziwanso za mayi uja wa ku Mgona wogulitsa mizu m'mabotolo. Ngati mwana wamwetsedwa zimenezo, kapena ngati pali masabata amene anadumphitsa, nenani, tiwauze adokotala adziwe pogwira. Mapiritsi aja timalandira ulere, koma anthu ena amawalirira osawapeza. Ine sindinasiye makina anga osokera pakhonde ku Mchesi n'kubwera kudzazula udzu m'maluwa a azungu kuti kunyumba kuzichitika zamasewera.

Ndapatsira Gwanda, dalaivala wa basi uja, envulopu ndi katundu pang'ono: mafuta ophikira, sopo, ndi nsapato za sukulu. Mumugulire mwana mazira ndi chiwindi, osati kungomudyetsa zotsala za samusa. Makina musabwereketse munthu, ngakhale mlamu wanu. Muziwathira mafuta kamodzi pamwezi n'kuwaphimba.

Masiku a m'pasipoti mwanga anatha kalekale, koma zimenezo si zoti inu muziganizira. Ndimadziwa misewu yoyenda ndi yosayenda.

Mundiyankhe kudzera kwa Gwanda yemweyo akamabwerera.

Ndine mwamuna wanu,
Idi

Jeppe, Joni
9 Disembala 2007

Amake Hafsah,

Salaam aleikum. Ine ndili bwino, kaya inu ndi odwalawo.

Yankho lanu ndalandira. Gwanda anandipatsa jumbo yakuda, ndinkayesa muli ufa kapena usipa. Nditamasula ndinapeza mabotolo a mapiritsi opanda kanthu, onse kuyambira loyamba, lililonse mutalemba mwezi wake ndi bolopeni, ndi makalendala awiri a kumzikiti odzaza timizere tsiku ndi tsiku. Kalata munalibe. Ndinafunafuna mpaka kutembenuza jumboyo. Ndamva, Zaituni. Ndinalankhula zopusa. Mundikhululukire, ndipo amayi muwapepesere ngati munawawerengera.

Botolo limodzi ndinaliika m'thumba la ovolosi, sindikudziwa chifukwa chake. Lachiwiri ndili kuntchito kwa a Belinda, madamu amene ndimawasamalira maluwa, linagwa pamene ndinkatulutsa magolovesi. Iwo analitola, n'kuwerenga, nkhope n'kusintha.

"Idi, mankhwala awa akumwa ndani?"

"Mwana wanga, madamu. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Koma asiya kugwira."

Chaka ndi miyezi iwiri ndagwira ntchito pakhomo paja ndikuyesa kuti ndi aphunzitsi. Zoona zake amagwira mu labotale yoyeza magazi a anthu odwala matenda omwewa. Anandikhazika pa sitepe, natenga pepala. Mawu awo oyamba anali akuti, "Mkazi wako sanalakwe. Matendawa amachita zimenezi ngakhale kwa munthu amene sanaphonyepo tsiku."

Ndiyesa kulemba mmene ndinamvera, mukawafunsenso a Gilford ngati ndapotoza. Akuti m'kati mwa selo lililonse muli malangizo olembedwa, ophunzira amawatcha majini. Mawu amenewa musawatchule pamaso pa amayi, angathamangire kwa shehe. Si majini amenewo. Mwa Hafsah, zidutswa ziwiri za malangizowa zinalumikizana molakwika, n'kupanga kanthu kamene kamalamula maselo oyera kuti azingoswana osapuma. Piritsi lija si poizoni wopha chilichonse ayi. Limapita pa kanthu kameneko kokha, n'kulowa pa kabowo kake, n'kukatseka. Koma pakati pa maselo miyandamiyanda, limodzi limatha kusintha chilembo chimodzi chokha m'malangizo aja, kabowo n'kusintha maonekedwe, piritsi osakhalanso bwino. Selo limenelo limaswana, ana ake n'kudzaza magazi.

Ndinawauza kuti zimenezo telala amazidziwa. Bobini ya makina ena siikhala m'makina ena ngakhale zikuoneka zofanana. Anaseka, nati ndi choncho.

Akuti kwatuluka mapiritsi atsopano amene amakhala pa mabowo ambiri osinthawo. Koma pali kusintha kumodzi kumene palibe piritsi lililonse limakugwira. Kuti adziwe kwa Hafsah ndi kuti, ayenera kuwerenga chilembocho, ndipo makina ake ku Lilongwe kulibe. Akufuna magazi ake afike kuno.

Ndinafunsa mtengo. Anati zoyezazo azionera okha. Sindinadziwe poyang'ana.

Apempha nambala ya a Gilford. Mupite mawa lomwe mukawauze, musadikire tsiku la sikelo ya mwana.

Ndine,
Idi

Jeppe, Joni
20 Januwale 2008

Amake Hafsah,

Salaam aleikum. Ndamva kuti malungo amene anakugwirani apita, Alhamdulillah. Ine ndili bwino, kungoti mtima sukukhazikika.

Masabata asanu ndi limodzi apita pachabe. Kuno Disembala ikafika anthu amatseka maofesi n'kupita kunyanja ngati matenda nawonso ali pa holide. A Belinda anabwerako pa 7. Kalata ya a Gilford inafika yopanda chidindo, inabwerera, inabweranso. Panopa magetsi akuzimazima tauni yonse, tsiku lina makina a fakisi anafera pakati pa tsamba. Ine ndimangothirira maluwa ndikuwerenga masiku. Makapisozi amene a Gilford amuwonjezera mwanawo akuti ndi ongochepetsa maselo kuti asamuthere mphamvu, sachiza. Azimwabe, pamodzi ndi mapiritsi akale, mpaka adokotala atanena zina.

Tsopano mvetserani bwino, ndipo kalatayi muisunge. Gwanda akubweretserani kabokosi kabuluu konga kamene ana amagulitsiramo mafilizesi. M'kati muli timabotolo tinayi ta zivindikiro zofiirira. Basi yake inyamuka ku Lilongwe Lachiwiri pa 29 masana. Magazi atengedwe m'mawa wa tsiku lomwelo, osati dzulo lake. Timabotoloto mutikulunge m'kathawulo, ayisi akhale pansi ndi m'mbali koma asakhudze galasi. Kalata ya adokotala ikhale m'pulasitiki pamwamba. A Belinda akuti magaziwo akafika pasanathe masiku atatu, zitheka. Basi imafika kuno Lachinayi, ndiye tili ndi tsiku limodzi lapadera.

Gwanda anavuta kwambiri. Poyamba anakaniratu.

"Achimwene, ine ndimanyamula mafiliji, njinga, ngakhale maliro ndinanyamulapo. Koma magazi a mwana? Pa Dedza akatsegula bokosi, anthu aziti Gwanda ndi namapopa. Basi yanga aiotcha."

Ndinamuonetsa kalata ya chidindo, ndinamuwerengera mawu ndi mawu, ndinamukumbutsa kuti suti ya ukwati wake ndinasoka ndine. Wavomera, koma akuti bokosilo likhala pansi pa mpando wake ndipo kondakitala asadziwe. Inunso musauze aneba. Mukudziwa mmene nkhani imayendera pa mpopi wa ku Biwi. Pofika madzulo idzakhala yoti Idi akugulitsa magazi a mwana wake ku Joni kuti alemere.

Hafsah mumuuze kuti ndi kabaya kamodzi kokha, ndipo ababa ake amutumizira chikwama cha sukulu chokhala ndi zipi ziwiri. Chili m'katundu momwemo.

Za denga zimene munanena, muuzeni mwini nyumba akonze yekha. Ine pakadali pano mutu wanga uli pa bokosi limeneli basi.

Ndine,
Idi

Jeppe, Joni
17 Febuluwale 2008

Amake Hafsah,

Salaam aleikum. Moyo ulipo.

Pafoni ndinangoti sizinatheke, chifukwa ndikanapitiriza ndikanatukwana pamaso pa anthu a pa shopu. Inu munachita zonse bwino. Bokosi munalimanga monga ndinanenera.

Basi inathyoka chitsulo cha kumawilo atangodutsa Tete, anagona pamsewu tsiku ndi theka. Gwanda akuti anagula ayisi wina ku Tete, koma mu Zimbabwe monse sanapeze, mafiliji ali ozima, magetsi kulibe. Pa Beitbridge anapeza mzere wa mabasi wosaoneka kothera. Ine ndinadikira pa siteshoni Lachinayi, Lachisanu, Loweruka. Swala ya Ijumaa ndinaiphonya, ntchito ndinajomba. Anafika Lamlungu m'mawa. Nditatsegula bokosi, timabotolo tinkayandama m'madzi ofunda, magazi atada bii.

A Belinda anabwera ndi galimoto, anapita nawo ku labotale tsiku lomwelo ngakhale linali Lamlungu. Lachitatu anandiitana kukhitchini.

"Idi, uthenga umene timawerenga m'magazi suchedwa kuwola. Ndayesa kawiri. Palibe chotsala."

Kenaka anati kulakwa ndi kwawo. Pali timabotolo tina tokhala ndi mankhwala osungira magazi, totha kupirira masiku angapo panjira, koma n'todula ndipo labotale yawo siisunga. Iwo ankaganiza kuti basi ikalembedwa kuti ifika Lachinayi, ndiye kuti ifika Lachinayi. Ndinafuna kufunsa kuti nanga bwanji sanandifunse ine, amene msewu umenewo ndauyenda. Koma munthu amene akukuthandiza ulere, komanso ndi bwana wako, umamufunsa bwanji? Ndinati zikomo madamu, ndinatuluka, ndinakadula mpanda wa maluwa mpaka unafupika kuposa mmene amafunira.

Gwanda ndinamulankhula mawu oipa pa siteshoni, anthu akumva. Dzulo ndapita kukamupepesa, chifukwa popanda iye tilibe njira ina. Anangoti, "Nanenso ndili ndi ana," n'kulandira phukusi. Muli timabotolo tiwiri tatsopano, a Belinda agula ndi ndalama zawo. Tili ndi madzi kale m'kati, musawataye, ndiwo mankhwalawo. Magazi akalowa, adokotala atitembenuze kakhumi pang'onopang'ono.

Munati Hafsah analira kwambiri ulendo watha, misempha inkathawa, anamubaya katatu. Munati akuti sadzapitanso. Sindikudziwa choti mumuuze. Musamunamize kuti sizipweteka, wakula. Mumuuze kuti magazi oyamba anafika mochedwa chifukwa basi inafa, ndipo ababa ake akupepesa.

Buledi wakweranso kuno. Luckson ntchito yake ya ulonda yatha, ndiye tikudya za m'thumba limodzi. Envulopu ya ulendo uno ndi yopyapyala, musadabwe.

Ndine,
Idi

Jeppe, Joni
27 Epulo 2008

Amake Hafsah,

Salaam aleikum. Ndikuyembekeza kuti mwatuluka m'chipatala ndipo magazi amene anamuwonjezera mwana amukhala bwino. Ine ndili bwino. Kwayamba kuzizira.

Tsiku lija la mu Malichi ndinakuimbirani ndikuseka, mukukumbukira. Magazi achiwiri anafika bwino, a Belinda anawerenga chilembo chija, napeza kuti kusintha kwa Hafsah si kuja kosagwirika. Piritsi latsopano likhoza kukhala pa kabowo kake. Ndinkayesa nkhani yatha. Lero ndi masabata asanu ndi awiri, m'manja mulibe kanthu.

Mankhwalawo ndawaona ndi maso anga. A Belinda ananditengera kwa mnzawo, dokotala wa ana odwala khansa, ndipo iye anatulutsa botolo m'kabati kuti ndione. Ndi kabotolo kakang'ono, kolowa m'thumba la shati. Ka mwezi umodzi mtengo wake ukuposa malipiro anga a chaka chonse. Ndinakagwira, ndinakabweza, anakatsekera.

Vuto lina, mankhwalawa anawavomereza kuti azimwa akuluakulu okha. Kuti mwana apatsidwe, adokotala ayenera kupempha mwapadera ku kampani yopanga, ndipo kumeneko kuli komiti imene imakhala kamodzi pamwezi. Mwezi watha anabweza mafomu chifukwa kulemera kwa mwana kumene tinalemba kunali kwa Januwale. Mwezi uno akuti akufuna chithunzi cha m'chifuwa ndi pepala loyeza kagundidwe ka mtima. Bwanji sananene zonse pamodzi? Anthu amenewa sindinawaonepo, sindidziwa ngakhale dziko limene amakhala, koma mwana wanga akuwadikira kuti amalize tiyi. Mupite kwa a Gilford Lolemba, zinthu ziwirizi zichitike, atumize pa fakisi pasanafike pa 9 Meyi. Amuyezenso pa sikelo tsiku lomwelo.

Munati watsika kufika makilo 21, ndipo miyendo ikumuwawa moti mukumubereka popita kuchimbudzi. Ndiye munati, "Bwerani mudzamuone akadali moyo." Mawu amenewo ndayenda nawo sabata yonse. Mukuganiza kuti sindikufuna? Mukuganiza kuti ndikusangalala kuno? Ndikakwera basi lero, pachipata adinda pasipoti yanga kuti ndinapitirira masiku, ndipo sadzandilolanso kulowa. Dokotala wa kuno wavomera kusaina pokhapokha kholo likhale pafupi, lizisaina mapepala ndi kubweretsa magazi miyezi itatu iliyonse. Ndikabwera kudzamugwira dzanja, ndiye kuti ndabwera chimanjamanja. Musandiuzenso mawu amene aja, Zaituni. Ndikupemphani.

Kuno m'mateksi mwayamba kachitidwe kena. Anyamata, pofuna kudziwa amene ndi wobwera, amaloza chigongono n'kufunsa munthu kuti chimatchedwa chiyani m'Chizulu. Ine ndaphunzira, ndipo ndamuphunzitsa Luckson, koma lilime lake ndi la ku Kawale. Si nkhani yaikulu.

Amayi muwapatse moni. Duwa, kumupempherera mwana, musaleke.

Ndine,
Idi

Joni
8 Juni 2008

Amake Hafsah,

Salaam aleikum. Ndili moyo, monga anakuuzani Gwanda. Foni ndilibe, n'chifukwa chake mwakhala osandimva masabata atatu. Zolemba zapindika chifukwa dzanja lili m'bandeji. Ndinadzicheka ndi lata podumpha mpanda, likupola.

Zimene munamva pa wailesi, zakuti eni dziko akuukira ife obwera, n'zoona, koma musamve zonse. Ku Jeppe sindikukhalako. Chipinda chija kulibe chotsala, ndinatuluka ndi zovala za m'thupi ndi fayilo ya mapepala a Hafsah, imene ndinaiika m'kati mwa malaya. Tinakhala pabwalo la polisi masiku angapo, kenaka anatipititsa kumatenti kunja kwa tauni. Kuzizira kwake sindinakuonepo. Luckson sindinamuone kuyambira Lamlungu limene anatiukira. Tinathawira mbali zosiyana. Ndafunsa m'matenti onse ndi zipatala ziwiri. Mukakumana ndi abale ake a ku Kawale, munene kuti simunamve kanthu, chifukwa ndi zoona, sitinamve kanthu.

Kunabwera mabasi otenga Amalawi ofuna kubwerera kwawo, ulere, osafunsa za masiku a m'pasipoti. Sindikubisirani, ndinalembetsa dzina. Ndinaima pamzere ndi bulangete limene anatipatsa, ndipo mumtima ndinali nditafika kale pa Biwi. Ndinati zikhale mmene zikhalire, komiti ija idye mapepala ake.

Patsogolo panga patatsala anthu ngati khumi, ndinamva munthu akuitana dzina langa kuseri kwa waya. Anali a Belinda. Akuti anayenda makampu atatu kundifunafuna. Anali ndi pepala m'manja.

"Avomera, Idi. Kuyambira pa 21 Meyi. Mabotolo atatu ali kwa dokotala, akudikira siginecha yako."

Ndinawayang'ana, ndinayang'ana basi. Sindinasangalale, ndisaname. Ndinapsa mtima. Ndinati, "Madamu, anthu amenewa akanavomera mu Epulo, bwenzi mwana atayamba kale kumwa." Anati akudziwa. Ndinati anthu a dziko lawo atiotchera nyumba. Anati akudziwanso, ndipo sakakamiza, ndikafuna kukwera ndikwere, ayesa kupeza njira ina koma sakulonjeza kuti dokotala avomera. Wolemba mayina anaitana kawiri. Ndinatuluka pamzere, bulangete ndinapatsa mayi wina wa ku Mangochi amene anali ndi khanda.

Panopa ndikugona m'kachipinda ka kuseri kwa galaja ya a Belinda. Ndinasaina ndi dzanja lamanzere, dokotala anati zilibe kanthu.

Mabotolo atatu ali ndi Gwanda, wawasokera m'kati mwa jekete yake. Afika Lachinayi, basi ikalola. Musamupatse mwana nokha. Mupite nawo kwa a Gilford, kalata ya muyezo wake ili momwemo, ndipo mapiritsi akale asiye tsiku limene ayambe atsopanowa. Masabata oyamba azimuyeza magazi sabata iliyonse. Mukaona akupuma movutikira, kapena akutsokomola kouma, kapena akutuluka magazi m'kamwa, musadikire kuti kuche bwino kapena kuti minibasi idzaze, thamangani naye. Akuti mankhwalawa nthawi zina amadzaza madzi m'chifuwa.

Envulopu ulendo uno palibe. Ngati zavuta kwambiri, makina aja gulitsani. Mutu wake ndi wabwino, asakunamizeni kuti ndi wakale.

Ndine mwamuna wanu,
Idi

Joni
26 Okutobala 2008

Amake Hafsah,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino. Ine ndili bwino, dzanja linapola, kungoti zala ziwiri sizipinda mpaka kumapeto. Singano ndikhoza kugwira, ndayesa.

Zikomo kuti mutamva zoti Luckson wafika kwawo, munapita ku Kawale kukamuona. Mwati amangokhala pakhonde osalankhula kwenikweni. Muzipitako mukapeza mpata, ngakhale osanena kanthu. Musamufunse za kuno.

Zotsatira za magazi a mu Seputembala zatuluka. A Belinda anabwera nazo kumunda, ine ndili ndi payipi m'manja. Akuti mu Febuluwale, pafupifupi maselo onse amene anawayeza anali ndi chilema chija. Panopa pa maselo zana lililonse, olakwika sakukwana khumi. Piritsi lakhala pamalo pake. Zikugwirizana ndi zimene mukuona inu, kuti mimba yaphwa, wafika makilo 25, ndipo wayambanso kukangana ndi ana a aneba. Alhamdulillah. A Gilford muwathokoze m'malo mwanga, ndawatumizira malaya amene ndasoka pa makina a telala wina wa ku Fordsburg amene ndimamuthandiza Loweruka. Ngati manja atalika, abweze ndikonze.

Ndinafunsa a Belinda ngati tinganene kuti wachira. Anati ayi. Matenda agonja koma sanachoke, ndipo selo lina likhoza kudzasinthanso chilembo china, mwina chaka chamawa, mwina osasintha n'komwe. N'chifukwa chake magazi ayenera kubwera miyezi itatu iliyonse. Komanso chilolezo cha komiti ija ndi cha chaka chimodzi. Mu Malichi tiyambanso mafomu, sikelo, chithunzi cha m'chifuwa, zonse zija. Ulendo uno ndayamba kale kuwalondola, sindidikira kuti andiuze chimodzichimodzi.

Ndiye funso lanu lakuti ndibwera liti, yankho ndilibe. Munati anthu kumzikiti akufunsa ngati ndinakwatira kuno. Auzeni zimene mukufuna. Ramadhani yonse ndinafuturu ndekha pa sitepe ya galaja, ndi buledi ndi tiyi wa m'fulasiki.

Tsiku la chikondwerero cha Idi ndinaimba kuti ndimve mawu a mwana. Inu munati ali kubafa. Koma foni simunaitseke bwino ndi dzanja, ndinamva zonse. Ndinamva mukumunyengerera, ndinamvanso iye akuti, "Sindikufuna. Kalata ya ababa ikangobwera, ine amakandibaya." Kenaka ndinamva mbama, foni n'kuduka.

Musadzamumenyenso chifukwa cha zimenezo. Sananame. Kuyambira Januwale, chilichonse chochokera kwa ine chimathera pa mkono wake. Zaka ziwiri sanandione, akundidziwira pa singano. Mwana amene mu Epulo munkamubereka popita kuchimbudzi, lero ali ndi mphamvu zokana bambo ake pafoni. Musiyeni akwiye. Ndikadzaimba musamukakamize, mungoika foni pafupi pamene akusewera, ndizimumvera patali.

M'katundu muli diresi yobiriwira, shuga, ndi mabotolo atatu a mankhwala. Pansi penipeni, m'kati mwa sokosi, muli timabotolo tiwiri ta magazi a mu Disembala. Diresiyo mumupatse lero. Sokosiyo muibise pamwamba pa kabati mpaka tsiku lake, ndipo likadzafika mudzamuuze kuti atuma ndi adokotala.

Ndine mwamuna wanu,
Idi